Mawu akuti "boycott" anali dzina la munthu amene mudzi wonse unamusala

Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza, mawu akuti "boycott" akumveka paliponse. Ena akuti kunyanyala katundu wa makampani ndi chida cha anthu opanda mphamvu, ena akuti kumangovulaza antchito osalakwa. Mkangano womwewu unalipo kale pamene mawuwa ankayamba, ku Ireland m'chaka cha 1880.

Charles Boycott anali Mngelezi, msilikali wopuma, yemwe ankayang'anira minda ya Lord Erne pafupi ndi nyanja ya Lough Mask m'dera la Mayo. Mwini malo sankakhalako. Boycott ndiye ankatolera lendi kwa alimi osauka n'kumathamangitsa olephera kulipira. Amene anamvako kwa agogo za thangata pa minda ya azungu ku Thyolo sangavutike kumvetsa moyo umenewu.

Zokolola zinali zitavuta zaka zingapo motsatizana. Alimi anapempha kuti lendi itsike ndi 25 peresenti, koma anangowachotsera 10. Pa 19 Seputembala, mtsogoleri wa bungwe lomenyera ufulu wa alimi la Land League, Charles Stewart Parnell, analankhula m'tauni ya Ennis. Anauza khamulo kuti munthu wolowa m'munda womwe mnzake wathamangitsidwamo asamupweteke, koma angomusala pamsewu, pamsika, ngakhale kutchalitchi. Patangopita masiku atatu, munthu amene anatumidwa ndi zikalata zothamangitsira alimi 11 anakumana ndi amayi a m'deralo. Anamugenda ndi miyala, matope ndi ndowe mpaka anathawira kunyumba kwa Boycott.

Zinthu zinatembenukira pamenepo. Antchito a kumunda ndi a m'nyumba anachoka. Wosula zitsulo anakana kumugwirira ntchito, mayi wochapa zovala analeka kubwera, mnyamata wobweretsa makalata anasiya, ndipo masitolo a m'tauni ya Ballinrobe sankamugulitsanso kanthu. Mbewu zinali zikadali m'munda.

Boycott analembera nyuzipepala ya The Times ku London kudandaula kuti anthu ake akuchoka chifukwa choopsezedwa. Kuopsezako kunalipodi, sitingabise. Koma n'zovuta kukhulupirira kuti mantha okha akanagwirizanitsa dera lonse chonchi, anthuwo akanakhala kuti analibe chowawawa. Mu Novembala kunabwera amuna 50 ochokera ku Cavan ndi Monaghan kudzamukololera, akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000. Ulondawo unadya ndalama pafupifupi mapaundi 10,000. Za mtengo wa zokololazo olemba mbiri amasiyana, ena amati mapaundi 500, ena amati 350. Pa 1 Disembala Boycott anachoka ku Ireland.

Nanga anasandutsa dzinali kukhala mawu ndani? Mtolankhani wa ku America, James Redpath, analemba kuti anali wansembe wa m'deralo, Bambo John O'Malley, yemwe anaona kuti mawu akuti "ostracise", otanthauza kusala munthu, ndi ovuta kwa alimi wamba. Umboni waukulu wa nkhaniyi ndi wa Redpath yemweyo, yemwenso ankaikira kumbuyo Land League, choncho tiulandire mosamala. Chomwe sichikayikitsa n'chakuti chakacho chisanathe nyuzipepala za ku London zinali zitayamba kale kugwiritsa ntchito mawuwa, kenako analowa m'Chifalansa ndi m'Chijeremani.

Boycott anakapeza ntchito yomweyo ku Suffolk, m'dziko la England, komwe anamwalira mu 1897. Alimi aja anapezapo kanthu mu 1881, pamene nyumba ya malamulo ku London inakhazikitsa lamulo lolola mlimi kupita kukhoti kukapempha kuti lendi yake iwunikidwenso.