Chuku cha mu mtedza ndi khansa ya chiwindi

Mtedza wofota, wakuda, wowawa m'kamwa, umene ambiri timaupatula pogulitsa n'kuusinja kukhala nsinjiro za pakhomo, ndi umene umakhala ndi poizoni wochuluka wa chuku. Poizoniyu amatchedwa aflatoxin, ndipo amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Anadziwika mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa.

Chiwindi chimapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo iliyonse ili ndi DNA, momwe mwalembedwa malangizo a ntchito zake. DNA situluka m'malo mwake. Selo ikafuna kupanga puloteni, imakopera malangizowo pa RNA, ndipo RNA ndiye mthenga wopita kumalo opangira puloteniyo. Kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni kamatchedwa jini, ndipo pali jini ina, TP53, imene puloteni yake, p53, ndi mlonda. DNA ikawonongeka, p53 imalamula kuti kutumizidwe mauthenga a RNA oimitsa selo kugawikana mpaka itakonzedwa, kapena oti selo ife basi.

Aflatoxin akafika m'chiwindi amasanduka chinthu chomata pa DNA, ndipo nthawi zambiri amasintha chilembo chimodzi chokha m'malangizo a TP53, pamalo otchedwa codon 249: chilembo G chimakhala T. RNA imakopera cholakwikacho mokhulupirika. Puloteni imene ikutuluka imalephera kugwira DNA, choncho mauthenga oimitsa selo aja satumizidwanso, ndipo selo yowonongeka imangoswana mpaka kukhala chotupa cha khansa. Mu 1991 ofufuza anapeza kusintha kumeneku mu zotupa za odwala ochokera kummwera kwa Africa, makamaka ku Mozambique, komanso ku Qidong ku China, madera amene anthu amadya chuku chambiri. Kuwonongeka kwa chiwindiku kumatenga zaka, munthu osamva chilichonse, n'chifukwa chake timakunyalanyaza.

Amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamagwira chiwindi, ali pachiopsezo chachikulu kwambiri, poti kachilomboka ndi poizoniyu zikakumana zimakulitsana. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la katemera amene makanda amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Musadumphitse ngakhale mmodzi. Akuluakulu angathe kuyezetsa magazi kuchipatala.

Kumunda ndi kunkhokwe ndiko kuli ntchito yaikulu. Kololani pa nthawi yake, ndipo yanikani mtedza ndi chimanga pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, mpaka ziumiretu. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda tichisiye. Chinyezi chimenecho ndicho chimene nkhungu imafuna. Matumba akhale pa matabwa, osakhudza khoma. Zowola musaphikire phala la ana, musafulule mowa, ndiponso musapatse ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyu amatulukiranso mu mkakawo.

Ngati mukumva kupweteka kumanja pansi pa nthiti, mimba ikutupa, maso achita chikasu kapena mukuwonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala msanga.