Kodi za ku Cabo Delgado ndiye jihad?

Titangotuluka swala ya Juma ku Mbare anyamata anandizungulira, wina foni m'manja akundionetsa za nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, akuti mwalimu kodi jihad yake ndi imeneyi? Ine ndimaphunzitsa fiqhi, malamulo a Chisilamu, ku madrasa ndipo funsoli limandiwawa mumtima, poti chiyambire 2017 pomwe zigawenga zodzitcha za jihad zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia ambiri omwe athawa m'midzi mwawo kumeneko ndi Asilamu anzathu omwe.

Ndinawakhazika pansi nkuwauza za pangano la ku Hudaybiya. Mu 628 Mtumiki (SAW) ananyamuka ku Madina ndi Maswahaba pafupifupi 1,400 kukachita Umra, ulendo wachipembedzo wa ku Makka, Akuraishi, eni ake a Makka, nkuwatsekera njira, mapeto ake anagwirizana zosamenyana zaka 10. Komatu mfundo zake zinali zowawa, Umra abwerere osachita mpaka chaka chinacho, wothawa ku Makka kupita ku Madina azibwezedwa pomwe wothawa ku Madina ayi, ngakhale mawu oti Mtumiki wa Allah Suhayl ibn Amr, woimira Akuraishi, anawakana mpaka anafufutidwa m'panganolo. Akadali pomwepo anatulukira Abu Jandal, mwana wa Suhayl yemweyo, Msilamu, maunyolo kumiyendo, akuchonderera kuti asamubweze. Anabwezedwa abale anga! Umar, mmodzi wa Maswahaba, zinamukanika kumeza, koma Mtumiki anamuuza Abu Jandal kuti apirire poti pangano lamangidwa kale. Ndiye Qur'an mu Surah Al-Fath imatcha zimenezi kupambana koonekera.

Panganoli analiswa ndi a mbali ya Akuraishi, Banu Bakr ataukira a Khuza'a omwe anali mbali ya Mtumiki, mpamene Mtumiki analowa mu Makka mu 630.

Anyamata aja anadabwa kwambiri nditawawerengera Surah Al-Anfal 8:72, yoti Asilamu ena akapempha thandizo muwathandize, kupatula ngati ndi polimbana ndi anthu omwe muli nawo pangano. Pa 8:58 akuti ukaopa kuti mnzako akupereka umuuze poyera kuti pangano latha, osamubera dzidzidzi. Ndipo ma ulama amati yolengeza nkhondo ndi ntchito ya mtsogoleri wa dziko, osati kagulu kam'tchire. Nkhondoyo ikayambika Abu Bakr, yemwe anatsogolera Asilamu Mtumiki atamwalira, analamula asilikali kuti mayi, mwana, nkhalamba asaphedwe, mtengo wa zipatso usadulidwe, chiweto chisaphedwe pokhapokha chikhale chakudya.

Wa foni uja anakhala duu, kenako anafunsa kuti nanga owotcha midzi aja amawerenga chani. Ndamuuza abwere Loweruka ndi Qur'an yake tidzayambe Surah Al-Anfal kuchokera pa ndime yoyamba.