Opaleshoni yochepetsa thupi: muuze ndani, mubisire ndani?

Munthu amene wachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi amatuluka m'chipatala ndi timabala ting'onoting'ono pamimba, timene malaya amatibisa bwinobwino. Koma pakatha miyezi itatu kapena inayi, nkhope imaphwa, lamba amafuna chibowo china, ndipo anthu amayamba kumuyang'ana kawiri. N'chifukwa chake funso lakuti muuze ndani liyenera kuganiziridwa tsiku la opaleshoni lisanafike.

Opaleshoniyi ili m'mitundu ingapo, koma yotchuka ndi iwiri. Pa imene madokotala amaitcha sleeve gastrectomy, amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a chifu, n'kusiya kachigawo kooneka ngati nthochi. Pa ina, yotchedwa gastric bypass, amapanga kathumba kakang'ono ngati dzira kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala mbali yaikulu ya chifu ndi chiyambi cha matumbowo. Ambiri amataya magawo 25 mpaka 30 pa 100 alionse a kulemera kwawo m'chaka chimodzi kapena ziwiri, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 120 akhoza kutsika ndi makilogalamu 30 kapena kuposa. Ichi ndi chithandizo cha matenda, makamaka kwa amene kunenepa kwabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kubanika kutulo, ndipo mu 2022 mabungwe awiri a madokotala a opaleshoniyi, ASMBS ndi IFSO, anati munthu wa BMI (muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ya 35 kupita m'mwamba akhoza kuganiziridwa ngakhale alibe matenda ena.

Maganizo anga ndi akuti anthu owauza ali m'magulu awiri osiyana kwambiri, ndipo vuto limabwera munthu akawaphatikiza. Pali amene kudziwa kwawo kumateteza moyo wanu, ndiye pali amene amangofuna kudziwa. Pa oyambawo palibe kusankha.

Aliyense wokupatsani mankhwala ayenera kudziwa, kaya ndi dokotala, namwino, wa mano kapena wogulitsa mankhwala kufamase. Mankhwala opha ululu amene tinawazolowera, monga Brufen ndi diclofenac, akhoza kuyambitsa zilonda pamalo amene anasokedwa, ndipo munthu wosadziwa mbiri yanu adzakulemberani ndi mtima wabwino pamene msana wakuvutani. Mankhwala a shuga ndi a BP nthawi zambiri amafunika kuchepetsedwa msanga, chifukwa mlingo wakale ukhoza kugwetsa shuga mpaka munthu kukomoka. Pali mfundo inanso imene imakhudza anthu ambiri kwathu. Wochitidwa opaleshoniyi amamwa mavitamini moyo wake wonse, kuphatikizapo B12, ayironi ndi kashiamu, koma ayironi ndi kashiamu zimatsekereza dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, kuti asalowe bwino m'magazi ngati zamwedwa pamodzi popanda chakudya. Wopereka ma ARV akadziwa, adzakukonzerani nthawi yoyenera yomwera chilichonse. Kwa amayi, malangizo ndi akuti asatenge pathupi kwa miyezi 12 mpaka 18, komanso mapiritsi olera sadalirika kwenikweni pambuyo pa bypass, choncho a zakulera ndi a kusikelo ayenera kuuzidwa. Popeza ambiri amakachitidwa opaleshoniyi kunja, monga ku South Africa kapena ku India, n'kubwerera kumene dokotala wawo kulibe, ndi bwino kuti dzina la opaleshoniyo ndi tsiku lake zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Zimene mwauza wachipatala ndi chinsinsi chimene ntchito yake imamulamula kusunga.

M'gulu lomwelo muli munthu mmodzi wa pakhomo. Milungu yoyambirira munthu amangomwa zamadzimadzi, kenako zophwanyaphwanya, ndipo thupi limakhala lofooka. Mtima ukayamba kugunda mofulumira, thupi n'kutentha, m'mimba n'kumapweteka kwambiri, zikhoza kutanthauza kuti pamene anasoka pakudontha, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Wodwazika amene anauzidwa kuti munangopita kukaona abale ku Johannesburg adzakugulirani Panado n'kukufunditsani bulangete.

Gulu lachiwiri ndilo lovuta, chifukwa kwathu kuonda sikukhala nkhani ya munthu yekha. Mawu akuti "mwanenepatu" ndi moni woyamikira, wosonyeza kuti banja likuyenda bwino, pamene munthu woonda mofulumira amakumbutsa anthu zaka zija za kaliwondewonde. Mukapanda kunena kanthu, ena adzati ndi kachilombo, ena khansa, ena adzati mwalodzedwa kapena a kunyumba akukuzunzani, ndipo pamene tsitsi liyamba kuthothoka, zomwe zimachitikira ambiri pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, mphekeserazo zimapeza umboni. Mukanena, mudzamva zina: kuti mwasankha njira yachidule, kuti ndalama zonsezo mukanalipirira ana a achimwene anu sukulu, kuti mwakana thupi limene Mulungu anakupatsani. Njira zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, ndipo wodziwa umene angaupirire ndi mwini wake.

Pamene nkhaniyi imafika pothina ndi pa mbale. Tiyerekeze kuti mwapita kwa apongozi, akuphera nkhuku, akuikirani mitanda itatu ya nsima ndi botolo la Fanta pambali. Inu mwatema mbamu ziwiri zazing'ono, mwatafuna pang'onopang'ono kachidutswa ka nyama, ndipo mwakhuta zenizeni. Fanta simungamwe, chifukwa zakumwa za gasi zimatupitsa kachifu kaja, shuga wambiri amachititsa thukuta, chizungulire ndi kutsegula m'mimba kwa amene anachitidwa bypass, komanso munalangizidwa kuti musamwe chilichonse mpaka patapita mphindi pafupifupi 30 mutadya. Apongozi akuyang'ana mbale n'kufunsa kuti, "Kodi ndiwozi sizinakome, mwananga?" Munthu amene mudzadya naye kawirikawiri, ndiponso amene kusiya chakudya chake kungamupweteke mtima, ndi bwino kumuuza kanthu musanakhale pamphasa. Sikuti mufotokoze zonse ayi. Mawu akuti "Amayi, madokotala anandichita opaleshoni ya m'mimba, ndiye ndimadya pang'ono kwambiri, musadandaule" ndi oona, ndi aulemu, ndipo amakwanira.

Kuntchito, abwana amafunika kalata ya dokotala yonena masiku amene mupume, ndipo anzanu a muofesi alibe gawo pa nkhaniyi pokhapokha inu mutafuna. Za kulemba pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la banja, kumbukirani chabe kuti zimene zalembedwa sizibwezeka, pamene amene simunamuuze lero mukhoza kumuuza chaka chamawa.

Chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho ndi kunamiza munthu amene akuvutika ndi vuto lomwelo. Mnzanu wonenepa kwambiri, amene wayesa kusala ndi kuthamanga kwa zaka zambiri, akakufunsani kuti mwatani, inu n'kuyankha kuti "ndinangosiya nsima ndi shuga," mumamusiya akudziona wolephera pa chinthu chimene inuyo simunachikwanitse mwa njira imeneyo. Ngati simukufuna kuulula, muuzeni kuti mukuthandizidwa ndi madokotala ndipo simunakonzeke kufotokoza zambiri. Yankho lomwelo limagwira ntchito kutchalitchi, pamaliro ndi pamsika, ndipo ndimalangiza odwala kuti aliyeseze pakamwa kunyumba kangapo, kuti tsiku limene adzafunsidwe pagulu lisadzawatulukire mwachibwibwi.