Kumene makompyuta akale akadali amoyo

Kompyuta yozimitsa ilibe chimene ingakuphunzitseni. Mudzangoona bokosi lachitsulo, mawaya ndi kapepala kolembapo chaka. N'chifukwa chake, monga munthu amene ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kuphunzitsa ena za makinawa, ndimalemekeza kwambiri The National Museum of Computing, nyumba yosungiramo makompyuta akale imene ili ku Bletchley Park, pafupi ndi Milton Keynes ku England. Kumeneko makina akale amawayatsa. Amalira, amatentha, ndipo amawerengera inu mukuona.

Mukafika, yambani ndi makina otchedwa Harwell Dekatron, amene ena amawatchula kuti WITCH. Anayamba ntchito mu 1951 pamalo ofufuzirapo za mphamvu ya atomu ku Harwell, ndipo ndiyo kompyuta yakale kwambiri padziko lonse imene ikugwirabe ntchito ndi ziwalo zake zoyambirira. Imalemera matani awiri ndi theka. Kutsogolo kwake kuli timababu tagalasi 828 tofoletsedwa m'mizere. M'kababu kalikonse muli kadontho kowala mofiirira, kamene kangathe kuima pamalo khumi ozungulira, kuyambira pa 0 mpaka pa 9. Makinawo akamaphatikiza manambala, kadonthoko kamadumpha malo amodziamodzi. Kakapitirira pa 9 n'kubwerera pa 0, kababu koyandikana nako kamasuntha kamodzi, monga momwe tinkachitira ku pulayimale posunga 1 n'kukamuwonjezera kumzere wotsatira. Zimene zimachitika mobisika m'foni mwanu, mwaliwiro loti diso silingatsate, pano zikuchitikira poyera.

Ndi yochedwa zedi. Kuchulukitsa manambala awiri kumaitengera masekondi asanu kapena khumi, moti munthu wodziwa kugwiritsa ntchito makina owerengera apamanja ankatha kuyendera nayo limodzi. Koma munthuyo amatopa, amalakwitsa, amafuna kugona. Makinawa ankawasiya okha masiku angapo akuwerengera, osaphonya. Atasiya ntchito ku Harwell mu 1957 anapita kukoleji ina ku Wolverhampton, kumene anaphunzitsira ana asukulu mpaka 1973. Anadzagona zaka zambiri m'nyumba yosungira katundu, kufikira anthu ongodzipereka atawakonza n'kuwayatsanso mu 2012.

Chimene chimakokera alendo ambiri kumeneko ndi Colossus, makina amene ankathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a adani. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, akuluakulu a asilikali a Germany ankatumizirana mauthenga obisidwa ndi makina a Lorenz, okhala ndi timagudumu 12 tosokoneza zilembo. Pa 30 August 1941 wotumiza mauthenga wina anachita ulesi: anatumiza uthenga umodzi kawiri osasintha kakhazikitsidwe ka timagudumuto, koma kachiwiriko anafupikitsa mawu ena. John Tiltman, mmodzi wa akatswiri a Britain amene ankamasulira mauthenga obisika ku Bletchley Park, anaumasulira uthengawo, ndipo mnyamata wina wa masamu, Bill Tutte, anaunguza zimene zinatulukazo mpaka anazindikira momwe makina a Lorenz anapangidwira mkati, asanawaonepo ndi maso. Vuto linatsala pa nthawi. Kupeza kakhazikitsidwe ka timagudumu pamanja kunkatenga masabata, pamene uthenga wankhondo umatha ntchito m'masiku ochepa.

Amene anathetsa vutoli ndi Tommy Flowers, injiniya wa matelefoni ku Post Office, mwana wa mmisiri womanga nyumba. Iye anati apange makina a ma valve, timababu tomwe tija tinali m'mawailesi akale, koma ochuluka kuposa 1,000. Ambiri anakayika, chifukwa ankadziwa kuti ma valve sachedwa kupsa. Flowers ankadziwa chinthu china chimene anachiona pantchito yake: valve imafa kwambiri pamene ukuiyatsa ndi kuizimitsa, chifukwa kawaya ka mkati kamatentha n'kuzizira mobwerezabwereza. Ukaisiya yoyaka imakhala nthawi yaitali. Nzeru imeneyi sinachokere m'buku la masamu, inachokera kwa munthu amene manja ake anazolowera zitsulo, ndipo ife okonza makina timainyadira.

Colossus yoyamba inayamba ntchito mu February 1944. Yachiwiri, ya ma valve pafupifupi 2,400, inayaka pa 1 June, kutatsala masiku asanu kuti asilikali a mayiko ogwirizana atsike ku Normandy, ku France, kukamenyana ndi asilikali a Germany. Pofika kumapeto kwa nkhondo zinalipo khumi, ndipo oziyendetsa usana ndi usiku anali amayi a gulu lankhondo lapamadzi. Uthenga ankaulemba pobowola timabowo pa tepi yapepala, n'kulumikiza nsonga zake kuti izizungulira pa mawilo. Mukaima pafupi ndi imene ili m'nyumbayi mudzaona tepiyo ikuthamanga moti timabowo sitiooneka, makina akuwerenga zilembo 5,000 pa sekondi imodzi. Kutentha kwa ma valve mumakumva kumaso. Palibe sikirini, palibe kiyibodi monga tikuidziwira. Malangizo ankawapereka ndi maswichi ndi mapulagi.

Koma imene mukuionayo si yoyambirira, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Nkhondo itatha boma linalamula kuti zonse zikhale chinsinsi. Makina ambiri anaphwasulidwa, awiri otsala anadzawaphwasula cha m'ma 1960, ndipo Flowers anatentha yekha mapulani ake. Kwa zaka pafupifupi 30 mabuku a mbiri ya makompyuta sankamutchula n'komwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Tony Sale ndi anzake anayamba kuimanganso, poyambira pa zithunzi zisanu ndi zitatu za nthawi ya nkhondo, zidutswa za mapulani zimene mainjiniya ena anasunga mobisa, ndi zimene okalamba amene anaigwirapo ankakumbukira. Anamaliza mu 2007, ndipo inaikidwa mu Block H, nyumba yomwe inamangidwira ma Colossus mu 1944. Akanachedwa zaka zina khumi kapena makumi awiri, ambiri mwa okumbukirawo akanakhala atapita.

Ndikonzeko pang'ono chimene ambiri amasokoneza. Colossus sinapangidwire Enigma, makina enanso a Germany obisira mauthenga, ndipo sanaipange Alan Turing, katswiri wotchuka wa masamu. Enigma ankalimbana nayo ndi makina ena otchedwa Bombe, a Turing ndi Gordon Welchman. Bombe yomangidwanso ilinso m'nyumba yomweyi, ndipo mukaona ziwirizi tsiku limodzi simudzazisokonezanso.

Pali ngodya ina yosakopa maso imene ndimafuna aliyense wosunga zinthu pakompyuta aimepo. Mu 1986 a BBC anasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani za moyo wa ku Britain kuchokera kwa anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo ana asukulu, pokumbukira zaka 900 za Domesday Book, kaundula wa malo ndi chuma wa mu 1086. Zonsezo anaziika pa madisiki akuluakulu owerengedwa ndi laser. Patangopita zaka pafupifupi 15, makina otha kuwerenga madisikiwo anali atasowa, ndipo panafunika akatswiri kuti apulumutse zimene zinali mmenemo. Kaundula wa mu 1086 uja, wolembedwa pachikopa, akuwerengekabe mpaka lero. Disiki ingakhale bwinobwino, koma popanda makina ake, pulogalamu yake ndi munthu wodziwa kuziyendetsa, palibe chimene mungatulutsemo. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Ndani mwa ife angatsegule lero kalata imene anasunga pa kadisiki kakale ka floppy? Zithunzi za ukwati zimene zili pa CD, kapena m'kamemori kadi ka foni imene inafa, muzikopere pamalo awiri kapena atatu chipangizo chowerengera chikadapezeka, ndipo zofunika kwambiri muzitsukitse papepala.

Ngati muli ku Britain kapena mudzapitako, siteshoni ya sitima ya Bletchley ili pafupi, pongoyenda wapansi. Dziwani kuti nyumbayi ndi bungwe lapalokha, losiyana ndi limene limayang'anira Bletchley Park yonse, kotero tikiti yake ndi ina, ndipo ndi bwino kufufuziratu masiku amene amatsegula. Musathamangire kujambula zithunzi. Pezani mmodzi wa odzipereka aja, ambiri ndi achikulire amene anagwira ntchito ndi makina otere, ndipo muwafunse chimene chinawonongeka posachedwapa ndi momwe anachikonzera.