Chenjezo: Majowajowa Salowa M'malo mwa Tulo

Pali nkhani imene ikufala m'mafoni, pa WhatsApp ndi Facebook, yakuti akatswiri a sayansi atsimikiza kudzera m'makoswe kuti munthu wochita masewera olimbitsa thupi safunika kugona kwambiri, ati maola 3 kapena 4 ngokwanira. Ena akuwonjezera kuti nthawi yabwino yothamanga ndi pakati pa usiku, poti mbewa nazo zimathamanga usiku. Ife a zaumoyo tikukupemphani kuti musaikhulupirire nkhaniyi, ndipo musaitumize kwa anzanu. Kafukufuku wa makoswe ndi mbewa alipodi, koma sanena zimenezo.

M'thupi la munthu, la khoswe ngakhale la ntchentche muli wotchi yachibadwa yoyenda maola pafupifupi 24. Mwa ife ndi makoswe, likulu lake lili mkatikati mwa ubongo, pamwamba pa pomwe mitsempha ya maso imapingasana. Izi zinadziwika mu 1972, pamene ofufuza anawononga kachigawo kameneka mwa makoswe, makoswewo n'kuyamba kumwa madzi ndi kuyendayenda mosasamala nthawi. Wotchiyi ndiyo imauza thupi nthawi yogona, yodzuka, yotentha ndi yozizira. Chimene chimaiwongola kwambiri tsiku lililonse ndi kuwala kolowa m'maso.

Nanga kuthamanga kukubwera pati? Mbewa ukaiikira kagudumu m'khola imakwerapo yokha, ndipo usiku umodzi imatha kuthamanga makilomita angapo popanda woikakamiza. Ku Netherlands, ofufuza a ku Leiden anaika magudumu otere panja, ndipo mu 2014 analengeza kuti mbewa zakutchire nazo zinkabwera kudzathamangapo. Mu 1987, ku Toronto, Nicholas Mrosovsky ndi mnzake anasuntha nthawi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi ndi maola 8 m'makola a hamster, tinyama ta mtundu wa makoswe. Tinyama timene tinangosiyidwa tinatenga masiku oposa sabata kuti tizolowere nthawi yatsopanoyo. Timene tinathamanga maola 3 pa nthawi yosankhidwa bwino tinazolowera masiku awiri asanathe. Mu 1991, Dale Edgar ndi William Dement anasunga mbewa mumdima wokhawokha, n'kumazitsegulira gudumu pa ola lomwelomwe tsiku lililonse, ndipo wotchi ya mbewazo inayamba kutsatira ola la gudumulo.

Zimenezi ndi zoona, ndipo n'zosangalatsa. Koma taonani bwino chimene chinasintha. Chinasintha ndi nthawi yogona ndi yodzuka. Palibe kanyama kamene kanasiya kufuna tulo chifukwa chothamanga. Kusuntha mivi ya wotchi sikuwonjezera maola pa tsiku. Mbewa yomweyo yothamanga makilomita usiku imagona pafupifupi theka la tsiku, makamaka masana, ndipo mbali imeneyi ndiyo imene ofalitsa mphekeserayi sakuitchula.

Za kuthamanga usikuzo nazo n'zosokoneza. Mbewa ndi makoswe ndi nyama za usiku, mdima ndiwo m'mawa wawo. Mbewa ikamathamanga usiku imakhala ikuthamanga pa nthawi imene thupi lake lili maso. Munthu wotsanzira mbewa pothamanga 1 koloko ya usiku akulimbana ndi wotchi yake. Kafukufuku wa anthu akusonyeza kuti masewera a m'mawa kapena masana amathandiza kuti tulo tibwere msanga, pamene masewera amphamvu ochitika usiku amakankhira wotchi kutsogolo, munthu n'kumachedwa kugona.

Makoswe omwewo anatiphunzitsanso chinthu choopsa. M'zaka za m'ma 1980, ku yunivesite ya Chicago, Allan Rechtschaffen ndi anzake anamana makoswe tulo kotheratu. Chakudya ndi madzi zinalipo, makoswewo ankadya kwambiri kuposa kale, komabe anawonda, anatuluka zilonda, ndipo onse anafa pasanathe masabata 5. Mu 2006 kunatulukanso zotsatira zosonyeza kuti mbewa zokalamba zimene nthawi yawo ya kuwala inkasunthidwa sabata ndi sabata zinkafa zambiri kuposa zinzake zosasokonezedwa. Ndiye wina akamati makoswe atsimikiza kuti tulo n'tosafunika, akunena makoswe ati?

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Kugona mopereweza kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, a mtima, kunenepa kwambiri ndi kukhumudwa. Nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zingayambitse khansa, mu 2007 komanso mu 2019. Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi ya lero lomwe. Munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Madalaivala, alonda, anamwino ndi oyendetsa makina, tikunena ndi inu makamaka. Mukhoza kutsika, kudumphadumpha, kusamba kumaso, n'kudzimva ngati mwatsitsimuka. Kutsitsimuka koteroko sikuchedwa kutha. Ubongo wotopa umazima wokha kwa masekondi angapo, nthawi zina maso ali chitsegulire, mwini wake osadziwa. Pamsewu masekondi amenewo ndi okwanira kupha anthu.

Sitikuletsa masewera, ayi ndithu. WHO imalimbikitsa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera osalemetsa kwambiri, monga kuyenda ndawala. Chitani masana kapena m'mawa, panja pamene pali kuwala, ndipo yesetsani kuti likhale ola lomwelomwe tsiku lililonse, chifukwa chimene chinawongola wotchi ya mbewa zija chinali kusasinthasintha kwa nthawi. Dzukani nthawi imodzimodzi ngakhale pa tsiku lopuma. Ola lomaliza musanagone pewani masewera olemetsa, ndipo foni ikhale patali. Ogwira ntchito usiku, mukaweruka kagoneni m'chipinda chamdima, musasinthanitse maola ogonawo ndi kuthamanga.

Chinanso chimene chikutipweteka mtima ndi kuchedwa. Munthu amatha miyezi tulo tisakubwera, iye n'kumangowonjezera majowajowa, poganiza kuti akatopa kwambiri agona. Zikakanika amayamba mowa kapena mapiritsi ogonetsa ogula popanda chilolezo cha dokotala, m'mawa n'kumwa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Pofika kuchipatala vuto limakhala litakula. Kusowa tulo nthawi zambiri ndi chizindikiro cha matenda ena, ndipo matendawo sathawa chifukwa mwatuluka thukuta.

Pitani kuchipatala ngati mukusowa tulo mausiku atatu kapena kuposerapo pa sabata ndipo papita masabata angapo. Musadikire kuti ithe miyezi 3. Pitaninso ngati mumaliza mkonono kwambiri ndipo amene mumagona naye amaona mukusiya kupuma kapena kubanika, ngati mumasinza masana osafuna, ngati mumadzuka mutu ukupweteka, kapena ngati mtima wanu uli wosweka moti palibe chokusangalatsani. Maganizo ofuna kudzipha, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka pochita masewera, zimenezi n'zothamangira nazo tsiku lomwelo.

Ndipo ngati tulo takugwirani muli pachiwongolero, musayese kutithamangitsa ndi majowajowa m'mbali mwa msewu. Imikani galimoto pamalo otetezeka, mugone kaye.