Kuonda si umboni woti m'magazi mulibe mafuta: uthenga kwa odwala impso ku Kasungu

Abale ndi alongo amene munauzidwa kuchipatala kuti impso zanu zafooka, chonde lekani kupima mafuta a m'magazi ndi maso. Tikumva kawirikawiri anthu akuti, "Ine ndi kuonda konseku, mafuta achokera kuti?" Mawu amenewa ndi amene akuchedwetsa ambiri kukayezetsa.

Impso zikamafooka pang'onopang'ono, kaya chifukwa cha BP, shuga kapena HIV, thupi limalephera kuchotsa bwino mafuta m'magazi. Mafuta otchedwa triglycerides amakwera, pomwe HDL, amene amathandiza kuyeretsa mitsempha, amatsika. Kwa amene akutaya mapuloteni ambiri mumkodzo, uja umachita thovu losaphwa msanga, chiwindi chimapanga mafuta ena ochuluka otchedwa kolesterolo. Zonsezi zimachitika ngakhale mwa munthu amene nthiti zake zikuwerengeka.

Mafutawa sapweteka ndipo saoneka pamimba. Amangokanirira m'mitsempha mpaka magazi asowe podutsa. Ambiri amaopa makina otsuka magazi a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, koma odwala impso ochuluka amatengedwa ndi matenda a mtima kapena sitiroko asanafike n'komwe pamakinawo. Ndiye tikubwerezanso: kuonda sikukutetezani. Chimene chimanena zoona ndi kuyezetsa magazi basi. Mukapita ku Kasungu District Hospital tsiku lanu la sikelo ya BP kapena shuga, funsani za kuyezetsa mafuta a m'magazi.

Mankhwala alipo, monga atorvastatin. Malangizo a 2013 a KDIGO, bungwe la akatswiri a matenda a impso padziko lonse, amati odwala impso a zaka 50 kupita m'tsogolo, amene sanayambe kutsukidwa magazi ndi makina, azipatsidwa mankhwala a mtundu umenewu. Koma akulembereni ndi dokotala, ndipo muuzeni ngati mukumwa ma ARV. Zitsamba za m'mabotolo zimene amati "zimasungunula mafuta" zisiyeni, zingathe kumalizitsa impso zofooka kale. Brufen ndi diclofenac musamangogula pagolosale. Chepetsani mchere, nyama yonona ndi tchipisi cha pachiwaya cha mafuta obwerezabwereza. Fodya timalima kuno, koma wodwala impso asasute, ngakhale chingambwe.

Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mkono ukafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto kapena kabaza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndinu wonenepa kaya woonda.