Mafunso ndi mayankho pa lamulo la kusintha mitundu ya deta mu ma interface a RMI

Chilengezereni kuti gulu lililonse liziyamba ladzera ku ofesi yathu lisanasinthe mtundu wa deta mu interface (mgwirizano wa momwe mapulogalamu amaitanirana) yomwe timagwiritsa ntchito tonse, madandaulo sakutha. Ena akubwera okha, ena akuimba foni. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe akubwerezedwabwerezedwa.

Lamuloli likukhudza ndani?

Gulu lililonse lomwe pulogalamu yake imaitana kapena kuitanidwa kudzera mu Java RMI (njira yomwe pulogalamu ya Java imaitanira code yomwe ili pa kompyuta ina), kuphatikizapo omwe akadali ndi zigawo za CORBA (njira ina yakale yochitira zomwezo, yomwe imalumikizanso zilankhulo zosiyana monga Java ndi C++).

Code yathu imadutsa bwinobwino pa compiler. Ndiye vuto likuchokera kuti?

Compiler imaona mbali yanu yokha. Seva ili pa kompyuta ina, ndipo interface yomwe ili nayo mwina si yomwe muli nayo inu. RMI siizindikira method (kachigawo ka code komwe kakuitanidwa) ndi dzina lokha. Imawerengera hash, nambala yozindikirira method, kuchokera ku dzinalo, mitundu ya zomwe method imalandira ndi mtundu wa chomwe imabweza. Seva ikasintha int kukhala long (mitundu iwiri ya manambala, long ndiyo imasunga akuluakulu), hash yasintha, ndipo pulogalamu yakale ikaitana imabwezedwa ndi UnmarshalException yonena kuti "unrecognized method hash". Dzina ndi lomwelo, koma kwa seva method imeneyo kulibe.

Si inu nomwe munayamba kusintha int kukhala long osatiuza?

Ndife, ndipo sitikukana. Ndalama timaziwerengera m'matambala, ndipo int siipyola 2,147,483,647, kutanthauza K21,474,836.47. Kale malire amenewa ankaoneka akutali, koma mitengo itakwera kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ma invoice opyola pamenepo anachuluka. Tsiku lina a ku akaunti anatiikira patebulo pepala losindikiza, chiwerengero chonse chili ndi minus kutsogolo, atachizunguliza ndi cholembera chofiira. Kusinthako kunali kofunika. Pomwe tinalakwa ndi poti tinasintha seva madzulo tisanafikire magulu onse, m'mawa makompyuta a pa kauntala n'kukanika, anthu ali pamzere. Lamuloli linabadwira pamenepo, ndipo likutimanga ifenso.

Tinalemba kale serialVersionUID m'ma class athu. Sizokwanira?

Munachita bwino, ndipo lamuloli likufuna class iliyonse yodutsa pa netiweki ikhale nayo, chifukwa ndi nambala yomwe Java imaonera ngati class ya mbali yotumiza ikugwirizana ndi ya mbali yolandira. Mukapanda kuilemba, Java imadziwerengera yokha kuchokera ku dzina la class, ma field ndi ma method ake, moti kungowonjezera method imodzi ya public nambalayo yasintha, mbali inayo n'kukana ndi InvalidClassException yonena kuti "local class incompatible". Ngakhale kusiyana kwa ma compiler kutha kubweretsa zomwezo.

Koma nambalayi ndi lonjezo lanu chabe loti class yakale ndi yatsopano zimamvana. Field ya int mukaisandutsa long, Java ikanabe ngakhale nambala ikhale yomweyo. Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kusintha komwe imakulola mwakachetechete. Mukawonjezera field yatsopano, chinthu chochokera ku pulogalamu yakale chimafika field imeneyo ili 0 kapena null, popanda uthenga uliwonse. Ngati field yake ndi ya msonkho, invoice ituluka yopanda msonkho ndipo wina adzazindikira mwezi ukutha.

Tikulandira ClassCastException pambuyo pa lookup. Ndi chifukwa cha kusintha kwanu?

Nthawi zambiri ayi. Chomwe lookup (kufunafuna chinthu cha pa seva ndi dzina lake) imakupatsani ndi stub, kutanthauza choimirira chabe, osati chinthu chenicheni chomwe chili pa seva, choncho cast yanu (pomwe mumauza Java mtundu wa chinthucho) ikhale ya ku interface, osati ku class yomwe ili ndi code ya seva. Ngati cast ili bwino, onani ngati interface yomweyo sinalowe kawiri kudzera m'ma class loader (zigawo za Java zomwe zimalowetsa ma class) awiri.

A CORBA tili ndi IDL. Tikuvutitsidwiranji?

IDL, chilankhulo cholembera ma interface a CORBA, ili ndi msampha wake. Long ya mu IDL ndi ya ma bit 32, ndipo mu Java imakhala int. Yofanana ndi long ya Java ndi long long. Nayo unsigned long imagwera mu int momwemo, moti nambala yopyola malire aja yochokera ku C++ imaoneka ya minus ku Java. Dziwaninso kuti CORBA inachotsedwa mu JDK 11 mu 2018, ndiye mukamakweza Java tidziwitseni msanga.

Gulu lathu lilibe anthu okwanira. Tingapatulidwe? Nanga nthawi yokonzera alipira ndani?

Ili ndi funso lomwe latichedwetsa kuyankha, ndipo tikupempha muwerenge mofatsa. Kupatulidwa kungaganiziridwe pokhapokha ngati mbali zonse ziwiri, yoitana ndi yoitanidwa, zili m'manja mwa gulu limodzi ndipo zimaikidwa nthawi imodzi. Tikuti kungaganiziridwe, chifukwa kangapo konse gulu lanenetsa kuti palibe wina amaitana seva yawo, ife poyang'ana ma log n'kupeza kapulogalamu ka malipoti komwe mwini wake anasamukira ku nthambi ina. Ndiye pempho lililonse tiziliona palokha, ndipo kuvomera kwa chaka chino sikumanga chaka chamawa.

Za malipiro, ofesi yathu ilibe thumba lolipirira maola owonjezera, ndipo sitingalonjeze chomwe chili m'manja mwa akuluakulu a nthambi yanu. Chomwe tingachite ndi kulemba kalata yosonyeza komwe kusinthako kunachokera. Ngati kunachokera kwa ife, tilemba choncho mosabisa. Ngati gulu lina linasintha osadzera kuno, ntchito yokonza ikuyenera kugwera gulu limenelo, ngakhale tikudziwa kuti pamene kauntala yaima palibe amadikira kuti mlandu uyambe wagamulidwa. Mukakakamizika kukonza nokha, sungani ma log ndi nthawi yomwe mwagwira, kuti kalatayo idzakhale ndi pogwira.

Kodi lamuloli silichedwetsa ntchito?

Kuwonjezera method yatsopano sitikuletsa, ndipo pempho lotere silikhalitsa kuno. Ndi njira yomwe tikulimbikitsa: method ya int isiyeni, ikani ya long pambali pake ndi dzina lina, yambani kukweza seva, kenako magulu asamuke limodzilimodzi. Yakaleyo idzachotsedwa ma log akadzasonyeza kuti palibenso akuiitana.

Tibweretse chiyani popempha kusintha?

Interface yakale ndi yatsopano, mayina a magulu omwe mukudziwa kuti amakuitanani, ndi zotsatira za mayeso awiri: pulogalamu yakale ikuitana seva yatsopano, komanso yatsopano ikuitana seva yakale. Ambiri akubwera ndi oyamba okha, ndipo tikuwabweza, chifukwa achiwiriwo ndi omwe amasonyeza chomwe chidzachitike tikadzafunika kubwezeretsa seva yakale usiku.